Bwato la kwathu lili m'hotela ku Blantyre, nanga ife tili kuti?

Achimwene ndi achemwali a kunyanja, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yatsala pang'ono mudzawerenga mawa, koma musangodumpha, chifukwa nkhani iyi ikukhudza mphika wa aliyense amene anakulira pamchenga.

Sabata yatha ndinaperekeza azakhali ku Limbe ndi matumba a usipa. Titatsitsa katundu kumsika, ndinaimbira msuweni wanga amene anapeza ntchito kukhitchini ya hotela ina yatsopano mu Blantyre momwemo. Dzina la hotelayo sinditchula, ngakhale dera lake, kuopa kumuchotsetsa ntchito mwana wa eni. Iye anati bwera udzaone kumene ndimasenda anyezi. Ndinakwera minibasi, ndinapita.

Hotela yake ndi ya mtundu uwu akuutcha boutique. Kwa amene simunamvepo, musaganize za chinyumba chosanjikizana cha zipinda mahandiredi. Iyi ndi nyumba yakale ya khonde lalikulu, ya m'nthawi ya atsamunda, imene anaikonzanso n'kuikamo zipinda khumi ndi ziwiri zokha, chilichonse ndi makonzedwe akeake. Mlendo amalipira ndalama zambiri kuti amve ngati wafika pamalo amene sangawapeze kwina kulikonse. Ndiye eni ake amasakasaka zinthu za m'dziko momwemo n'kukongoletsera, ndipo lesitanti ya m'katimo imaphika zakudya za kuno koma mwa njira yawoyawo.

Pageti mlonda anayamba wayang'ana mapatapata anga asanayang'ane nkhope. Sindimuda, nayenso anachita kuuzidwa. Msuweni atatuluka ndi epuloni yake ndi pomwe anandilola.

Nditalowa m'chipinda chodyera, ndinaima chilili. Pakati pa chipindacho pali bwato, amwene, bwato lenileni la mtengo umodzi, lokhala ndi zigamba za malata ndi phula pamene linang'aluka. Alipaka vanishi, likuwala mbee, pamwamba aikapo galasi, ndipo m'mawa amayalapo buledi ndi zipatso. Pakhoma apachika nkhafi ziwiri mopingasa, chidutswa cha chilimira, ndi nyali ya palafini ya mtundu uja ankagwiritsa ntchito asiginala tisanayambe mababu a batire. Mbali ina pali chithunzi chachikulu cha azibambo akukoka khoka m'bandakucha. Palibe dzina la munthu ngakhale mmodzi pansi pake, ngakhale dzina la doko. Ndinachiyang'anitsitsa poganiza kuti mwina ndipezapo malume.

Kenako ndinatsegula menyu. Pamwamba penipeni chambo cha Nyanja ya Malawi, cholembedwa m'Chingerezi chokoma. Mtengo wa mbale imodzi, bambo anga angafunike kugulitsa nsomba zotero zinayi kapena zisanu padoko kuti aupeze. Ndiye panali usipa. Ndinaona mbale ikudutsa: tiusipa tisanu n'kamodzi, tondandalikidwa ngati ana a sukulu pa asembule, kandimu pambali. Nsima yake aidula ngati sopo. Ndinaseka, koma pansi pamtima magazi anali akuwira. Ndinati, anthu awa atenga bwato lathu, nkhafi zathu, nkhope za azibambo athu, dzina la nyanja yathu, akudyera, pamene mwini bwatolo mwina lero wagona ndi njala chifukwa mwera wavuta.

Ndikanatuluka nthawi imeneyo, post iyi ikanakhala ya matukutuku basi, inu mukanaika timoto tija ndi zala zam'mwamba, mawa n'kuiwala. Koma msuweni anandikokera kuseri kwa khitchini, kumene antchito amadyera, ndipo shefu wamkulu, bambo wachikulire wa ku Zomba, anandipatsa mbale ya chambo chomwecho. Ndinene zoona pamaso pa Mulungu: chinali chokoma. Khungu lokhuthyuka, mnofu wosauma, minga yochotsedwa yonse. Mutu panalibe. Nditafunsa, anati alendo ambiri safuna nsomba yowayang'ana, ndiye mitu imapita mumphika wa antchito. Ndinati ndiye kuti antchito ndi amene akudya bwino muno, paja amati ukadya mutu wa chambo ku Mangochi suchokako.

Titaseka ndinawafunsa funso limene linandiwawa. Ndinati, akulu, nsomba izi mumagula kwa ndani, ndipo bwanji simugula kwa ife eni nyanja?

Anapukuta m'manja, n'kundiyankha modekha. Anati achimwene, ndinayesa. Potsegula hotelayi bwana ankafuna nsomba yochokera kwa asodzi enieni, ndipo anapangana ndi mnyamata wina wa kunyanja. Sabata yoyamba nsomba inabwera yabwino kwambiri. Yachiwiri foni yake inali yozima, Lachisanu, matebulo onse atabukidwa. Yachitatu nsomba inafika madzulo m'thumba la saka, yopanda ayisi, maso atalowa m'kati, m'makutu mwachita bii, mimba yofewa. Pamwamba zikuluzikulu, pansi tiana. Atapempha lisiti kuti a maakaunti alipire, mnyamatayo anati kwathu sitilemberana. Kuyambira pamenepo amagula kwa kampani yoweta chambo m'makheji komanso kwa munthu wina wa galimoto ya fuliji, amene amabwera tsiku lomwe wanena, nsomba zofanana kukula, pepala m'manja.

Ndinafuna kutsutsa, koma pakamwa panauma, chifukwa mnyamata ameneyo ndikumudziwa ngakhale sindinamuonepo. Ndi ine, ndi inu. Tonse tinapangapo zoika zikuluzikulu pamwamba pa beseni.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo amene akwiye akwiye: hotela imeneyi isatikwiyitse, itiphunzitse. Yatisonyeza poyera kuti zinthu zimene ife timaziona ngati za umphawi, bwato, usipa, nsima, dzina la nyanja, pali anthu okonzeka kulipira ndalama zenizeni kuti azipeze. Vuto ndi loti pakati pa doko lathu ndi tebulo lija pali msewu umene ife sitinauphunzire kuyenda, ndipo ndalama yambiri ili mumsewumo.

Taganizani. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre kudzera ku Liwonde ndi Zomba ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo ambiri a ife madoko athu ali kutsogolo kwa boma. Nsomba imayamba kuwonongeka ikangofa. Ya m'matchera nthawi zina imakhala itafa kale usiku m'madzi momwemo, kenako igone m'bwato padzuwa, kenako pamchenga podikira wogula, kenako pa kabaza, kenako mu minibasi pafupi ndi injini. Pofika m'tauni yatha maola khumi kapena kuposa. Alangizi a za nsomba amaphunzitsa kuti kumalo otentha ngati kwathu pamafunika kilo ya ayisi pa kilo ya nsomba, ndipo ayisiyo ayambire pomwe nsomba yatulukira m'madzi. Ndani wa ife amachita zimenezi? Mtengo wa mbale ija muli ayisi, muli dizilo wa jenereta magetsi akazima, muli lendi, misonkho, malipiro a msuweni wanga ndi mlonda uja, komanso phindu la bwana, limene sindikukayika kuti ndi lonona. Koma muli chinthu china chimene sichilembedwa pa menyu: chitsimikizo choti mlendo akaitanitsa chambo Lachisanu usiku, chambo chibwera ndipo sichimutsegula m'mimba. Chitsimikizo chimenecho ndi chimene chimadula, ndipo ife timachipereka kwa ena kwaulere.

Tsopano musaganize kuti ndagulidwa ndi mbale imodzi. Hotelayi ili ndi milandu yake, ndipo ndinawauza ashefu pamaso.

Mlandu woyamba ndi wa dzina. Ngati nsomba yachokera m'kheji, lembani kuti ndi yowetedwa. Palibe chochititsa manyazi, makheji ena ali m'nyanja momwemo ndipo amachepetsako mtolo pa chambo cha m'chilengedwe. Koma musaike chithunzi cha azibambo okoka khoka pamwamba pa nsomba imene msodzi wa bwato sanaigwirepo, mlendo n'kumapita kwawo akuganiza kuti wathandiza mudzi wa kunyanja. Ngati mukugulitsa nkhani yathu, nkhaniyo ikhale yoona, ndipo eni nkhani aonepo kanthu. Bwato lija munagula kwa ndani, pa doko liti? Kachikwangwani kakang'ono konena zimenezi sikangakugwetseni.

Mlandu wachiwiri ndi waukulu, ndipo suli pa hotela iyi yokha koma pa malo odyera ambiri m'dziko muno: aliyense akufuna chambo, chambo, chambo, ngati nyanja ili ndi nsomba imodzi. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ife sitinafunikire bungwe kuti litiuze. Funsani agogo anu kuti khoka limodzi linkatulutsa chiyani kale, ndipo yerekezani ndi lero. Funsani a ku Malombe, kumene chambo chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kutsala kambuzi. Hotela yofuna kuoneka yapadera ili ndi mwayi wophunzitsa alendo kuti kuli kampango, kuli mcheni, kuli utaka, kuli mlamba wowamba bwino, kuli usipa umene masiku ano ndi woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Shefu amene angathe kugulitsa tiusipa tisanu n'kamodzi pamtengo uja sangalephere kugulitsa kampango. Ndinawafunsanso kuti pa 1 Novembala nyanja ikatsekedwa kwa makoka, adzafunsa mafunso otani kwa wobweretsa nsomba? Anati mfundo imeneyo aitengera kwa bwana. Tiona.

Koma abale, chala chikaloza kutsogolo, zinazo zimaloza mwini. Chambo sichikutha chifukwa cha hotela ya zipinda khumi ndi ziwiri. Inu mukudziwa mmene chambo chimaberekera: mayi amasunga mazira ndi tiana m'kamwa, n'kubwera nato kumadzi osaya, m'mabango ndi m'maudzu. Ndi pomwepo pamene timakokapo neti za udzudzu zimene anatipatsa kuchipatala. Ndi pomwepo pamene timadula mabango. Kasawala amene timagulitsa pa kambale ndi chambo cha zaka zikubwerazi, ndipo malamulo amaletsa kugwira chosakwana masentimita 15, koma kumsika wadzaza. Kandwindwi amakokolola chilichonse pansi pa nyanja, tonse tikuona, tonse tili chete chifukwa mwini wake ndi mlamu wa uje. Ma BVC anayamba ku Malombe mu 1993 kuti eni mudzi aziyang'anira okha nyanja yawo, koma m'madoko ena komiti imangokumbukiridwa pakabwera alendo a ma alawansi. Ndikudziwanso dandaulo lathu la nthawi zonse, loti ma trawler akuluakulu amalowa m'madzi osaya usiku ndipo wogwidwa amakhala wa bwato. Ndi dandaulo loona, ndipo tisasiye kulinena. Koma silichotsa neti ya udzudzu m'manja mwathu.

Amene amati Amalawi sitingathe kudziletsa apite ku Mbenji ku Salima. Kumeneko, pansi pa Mfumu Makanjira, chilumba chimatsekedwa nyengo ya dzinja chaka chilichonse n'kutsegulidwa mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba kale m'zaka za m'ma 1950. Anthu ake ndi asodzi ngati ife, njala amaimva ngati ife, koma lamulo la mfumu limagwira, ndipo asodzi amachoka kutali kukapha utaka kumeneko ikatsegulidwa.

Ndikudziwa zimene ena mulembe pansipa. Muti, aise, iwe ukulota, mpamba tiutenga kuti? Cooler box ndi yodula, ayisi kwathu ndi wosowa, magetsi ndi ozimazima, mafuta a injini akwera, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja, ukonde, chingwe, sipeya, chinapenga mtengo. Zonsezi ndi zoona ndipo sindikuzipeputsa. Mutinso mahotela otere ndi ochepa, sangagule nsomba za doko lonse. Zoonanso. Hotela ija pa sabata imagula nsomba zochepa kuposa zimene amayi atatu a geni amanyamula tsiku limodzi. Amene amadyetsa dziko lino ndi azakhali anga ndi matumba awo a ku Limbe, ndipo nsomba yotsika mtengo ya anthu wamba isasowe chifukwa tonse tathamangira mabwana.

Koma taonani mbali inayi. Wogula wamng'ono amene amalipira bwino ndiponso mokhazikika ndi sukulu. Mukatha kukhutiritsa shefu mmodzi wovuta kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti mwaphunzira zonse zimene malo ogona alendo a ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay amafuna, zimene masitolo akuluakulu amafuna, zimene sukulu zogonera pompo zimafuna. Ndipo pamene nsomba zikuchepa, njira yokhayo yoti msodzi asafe ndi njala ndi kupeza ndalama yochuluka pa nsomba zochepa. Kuonjezera maukonde tayesa zaka makumi atatu, zotsatira zake tikuziona.

Nkhani ya mpamba, mutu umodzi susenza denga. Ndalama imene gulu lathu lino limataya pa kubetcha mpira mwezi umodzi, titaiphatikiza, sindikukhulupirira kuti singagule cooler box ziwiri. Musandiyang'ane choncho, nanenso Arsenal inandidyerapo.

Ndiye nazi zimene ndikuganiza, ndipo ndapempha kale ashefu kuti atipatse mwayi woyesa kamodzi. Sanalonjeze, anangoti bweretsani ndione.

Choyamba, tikhale anthu asanu ndi atatu kapena khumi odalirika, anyamata ndi atsikana, chifukwa odziwa kusankha ndi kukonza nsomba kwathu kuno ndi amayi. Tilembetse kagulu mwalamulo, tikhale ndi buku la malisiti, nambala imodzi ya foni yosazima, ndi akaunti imene sasainira munthu mmodzi.

Chachiwiri, tisalonjeze chambo. Nyanja si golosale. Tilonjeze chimene tingakwanitse: usipa wouma bwino wopanda mchenga, woyanika pathandala loyera kapena m'nyumba zoyanikira za pulasitiki zija zili m'madoko ena a ku Mangochi ndi ku Salima, wopakidwa m'mapaketi olemba dzina la doko ndi tsiku. Kampango ndi mcheni zikapezeka, pa ayisi kuyambira m'boti. Mwera ukavuta tiimbe foni Lachitatu kunena kuti sabata ino kulibe, osadikira Lachisanu n'kuzimitsa foni.

Chachitatu, pansi pa bokosi pakhale chimodzimodzi ndi pamwamba. Tsiku limene mmodzi wa ife adzabise tiana pansi, ndiye kuti watipha tonse.

Chachinayi, gulu limeneli lisagule kasawala kapena nsomba ya m'neti ya udzudzu, ngakhale wogulitsayo akhale mchimwene wako wa bere limodzi. Chimenechi ndiye chidzatisiyanitse ndi wa galimoto ya fuliji uja, chifukwa ife tingathe kuuza shefu dzina la boti, dzina la doko ndi mtundu wa ukonde. Hotela ya mtundu uwu imakhalira nkhani zotere, ndipo nkhani imeneyi palibe wina angaigulitse koposa mwana wa msodzi.

Chachisanu, amene muli ndi MSCE ndipo mukungokhala, funsani za sukulu ya za nsomba ku Mpwepwe komanso maphunziro a zophikaphika ndi kulandira alendo. Msuweni wanga akusenda anyezi lero, koma akuyang'ana manja a shefu tsiku ndi tsiku. Ndikufuna tsiku lina wophika chambo m'malo otere adzakhale munthu amene anaphunzira kupala mamba asanaphunzire kulemba dzina lake.

Nditabwerera kumudzi ndinawaonetsa bambo zithunzi pafoni. Anali pansi pa mtengo akusoka matchera. Za mtengo wa mbale anangoti anthu ali ndi ndalama. Tiusipa tija anaseka mpaka kutsokomola. Koma pa bwato anakhala chete nthawi yaitali, akukulitsa chithunzi ndi zala zawo zokhakhala zija. Kenako anati, amene anasema bwato ili ankadziwa ntchito, taona mmene anasiyira mphuno yake kuti lizidula mafunde. Anati mitengo ya msinkhu uwu kulibenso kuno, ukaifuna uyenera kupita kutali kumapiri. Ndiye anafunsa kuti, kodi mwini wake anagula lina? Ndinati sindikudziwa, bambo. Anabweza foni n'kupitiriza kusoka.

Funso limenelo landisowetsa tulo. Munthu sagulitsa bwato nyanja ikumudyetsa. Ngati sitisintha, mahotela adzakhala ndi mabwato ambiri okongoletsera, otsika mtengo, chifukwa tonse tidzakhala tikugulitsa.

Amene muli ndi chidwi ndi kagulu kaja, tikumane Loweruka madzulo padoko, pamene amakonzera maboti, maboti a usipa asananyamuke. Bwerani ndi maganizo komanso ndalama imene mungathe, ngakhale yochepa, tidzalembe m'buku pamaso pa aliyense. A BVC ndawauza kale, ndipo amfumu ndikawaonekera mawa. Amene mukutsutsa lembani pansipa, koma mulembe ndi njira yanu, osangoti sizingatheke. Tumizani ku magulu a ku Makanjira, Malembo, Nkhotakota ndi kumpoto komwe, mwina kwinako anayamba kale ndipo angatiphunzitse pamene anapunthwa.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi.